Ejenti wa malo ndi nyumba pa Jenda: mpamba wake ndi dzina

Amene amadutsa pa Jenda pa basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Mzuzu amakumbukira zinthu ziwiri: chipata cha apolisi pa msewu wa M1, ndi amayi a tomato, anyezi, mbatatesi ndi nyemba amene amathamangira pa zenera basi ikangoima. Koma malonda amene akusintha nkhope ya Jenda sakwezedwa m'basi. Ndi malonda a mapuloti ndi nyumba. Jenda ili pamphambano. Msewu waukulu wochokera ku Kasungu umapitirira kulowera ku Mzimba ndi ku Mzuzu, wina umakhotera ku Embangweni ndi ku Edingeni, kulikulu la Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, ndipo malire a Zambia, cha ku Lundazi, ali pafupi. Boma linasankha Jenda, pamodzi ndi Malomo, Monkey Bay ndi Chitekesa, kukhala malo otukulirapo madera a kumidzi ndi thandizo la African Development Bank, ndipo ntchito yokonzanso M1 imene inayamba mu 2022 inakhudza zigawo za Kasungu mpaka Jenda ndi Jenda mpaka pokhotera ku Mzimba boma. Pamene pali msewu, msika ndi malire, anthu amafuna pogona, pogulitsira ndi posungira katundu. Ndiye sizodabwitsa kuti achinyamata ambiri ayamba kudzitcha maejenti.

Ndalama zogulira malowa zina zimachokera m'madimba ndi m'mashopu a pomwepo, koma aliyense wa ku Mzimba amadziwa kumene nyumba zambiri zamalata atsopano zachokera: ku Joni. Boma la Mzimba, lomwe ndi lalikulu kuposa maboma onse m'Malawi ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 900,000, lakhala likutumiza ana ake ku South Africa kuyambira nthawi ya atsamunda, pamene amuna ankapita ku migodi kudzera ku Wenela. Dr Banda ataimitsa ulendo wa Wenela mu 1974, ndege yonyamula Amalawi ogwira ntchito m'migodi itagwa ku Francistown, njira ya ku Joni sinatsekeke mpaka kalekale. Lero anyamata ndi atsikana amapita paokha kukagwira ntchito m'nyumba za anthu, m'mashopu ndi m'magalaja a ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo zimene asunga amatumiza kudzera ku Mukuru kapena kupatsira oyendetsa magalimoto a katundu. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, anthu anaphunzira kuti ndalama yongokhala imasungunuka, ndipo ambiri amafulumira kuisandutsa njerwa. Choncho wogula puloti pa Jenda nthawi zambiri amakhala ali kutali kwambiri, sanapondepo pa malowo, ndipo zonse zimene akudziwa ndi zithunzi zitatu za pa WhatsApp ndi mawu a munthu amene wazitumiza.

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse ya ejenti, ndipo ndi pamene ambiri oyamba kumene amasokera. Amaganiza kuti katundu wawo ndi mndandanda wa mapuloti ndipo mpamba wawo ndi foni yokhala ndi bandulo. Koma kudziwa kuti kuseri kwa msika kuli malo ogulitsa si nzeru yosowa. Wakabaza aliyense wa pa depoti akudziwa zimenezo, ndipo angakuuzeni ulere. Chimene munthu wa ku Durban sangachipeze ulere ndi yankho la mafunso awa: kodi amene akugulitsayu ali ndi mphamvu yogulitsa, kodi malire ndi omwewo amene akuloza, ndipo kodi mawa sipadzatulukira wina wonena kuti malowo ndi ake? Ejenti amalipidwa chifukwa cha chitsimikizo chimenecho. Amene sapereka chitsimikizo, koma amangokumanitsa anthu n'kutenga yake n'kuzimitsa foni, anthu ali nalo kale dzina lake: dobadoba. Ndikunena motsindika kuti wachinyamata wofuna kukhalitsa pa ntchito imeneyi kumwera kwa Mzimba ayenera kusankha pa tsiku loyamba kuti adzakhala uti mwa awiriwa, chifukwa njira zawo zimasiyana pomwepo ndipo sizikumananso.

Funso loti mwini malo ndi ndani ndi lovuta kwambiri ku Mzimba kuposa momwe mlendo angaganizire. Malo ambiri ozungulira Jenda ndi a makolo, ali pansi pa mafumu a m'midzi, magulupu, ndi makhosi monga Inkosi Mabilabo, Inkosi Mzikubola, Inkosi Mzukuzuku ndi Inkosi Khosolo. Mwa Angoni ndi Atumbuka a kuno, mkazi amalowoledwa n'kupita kwa mwamuna, ndipo malo amatsata mzere wa bambo. Izi zikutanthauza kuti munda umene mnyamata akulima lero ungakhale wa banja lonse la agogo ake: abambo ake aang'ono, abale ake amene ali ku Joni, ndi ana a malemu mkulu wake onse ali ndi mawu pa malowo. Iye akhoza kulimapo zaka khumi popanda womufunsa, koma kulima ndi kugulitsa ndi zinthu ziwiri. Mikangano yambiri imene imathera ku bwalo la mfumu kapena kukhoti imayamba motere: mmodzi wagulitsa mwakachetechete, wogula wayamba kukumba maziko, ndipo pa Khirisimasi abale obwera kutchuthi akupeza njerwa pa munda wa bambo awo. Ejenti wodziwa ntchito sakhutira ndi munthu mmodzi. Amapita kumudzi, amakhala pansi ndi akuluakulu a banja, amafunsa za amene ali kunja n'kuwaimbira, amaonana ndi a mfumu ndi a gulupu, amayenda m'malire onse pamodzi ndi oyandikana nawo, ndipo amachita zonsezi m'Chitumbuka, mwaulemu woyenera pakhomo pa eni. Ngati mwini malo anamwalira, lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kulanda chuma chawo ndi mlandu. Ejenti amene wathandiza mlamu kugulitsa nyumba ya malemu, mayi ndi ana asakudziwa, walowa nawo m'mlanduwo.

Pamwamba pa mwambo pali malamulo olembedwa, ndipo asintha kawiri m'zaka zochepa. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo atsopano a malo, kuphatikizapo Land Act ndi Customary Land Act. Lachiwirili linatsegula njira yoti munthu kapena banja lilembetse malo a makolo n'kulandira chikalata, kudzera m'komiti ya malo ya kwa gulupu, imene wapampando wake ndi gulupuyo ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi ndi osankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Linakhazikitsanso mabwalo oweruza mikangano ya malo kuyambira kwa T/A. Kulembetsaku kunayesedwa koyamba m'madera ena a ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi, ndipo mafumu a ku Mzimba anali m'gulu la amene anadandaula poyera kuti lamuloli likuwachotsera mphamvu. Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, ndipo mwa zina anakhwimitsa pa kugulitsa malo kwa anthu amene si nzika za Malawi komanso pa kugulitsa malo a lizi amene mwini wake sanachitepo chitukuko chilichonse. Pa Jenda, pamene Mzambia ndi Mmalawi amagula pa msika umodzi, amalankhula chinenero chimodzi ndipo amakwatirana, nkhani ya unzika si yongopeka. Ejenti ayenera kuona chiphaso cha unzika cha wogula ndi cha wogulitsa, ndipo ayenera kukhala ndi malamulowa m'manja n'kumawawerenga yekha, osadalira zimene wamva pa bawo.

Ngakhale malo amene ali ndi mapepala amafuna kufufuzidwa. Lizi imatsimikizidwa ku maofesi a unduna wa za malo, ndipo a chigawo cha kumpoto ali ku Mzuzu. Kumeneko ndi kumene kumadziwika ngati dzina lili pa pepala ndi la wogulitsadi, ngati malowo sanaikidwe chikole ku banki, ndiponso ngati lendi ya boma inalipidwa. Ku khonsolo ya M'mbelwa, ku Mzimba boma, kumadziwika ngati pulani ya tauni ikulola nyumba kapena shopu pa malowo. Saveya ndiye amatsimikiza mabikoni. Ndipo pali msampha umodzi umene wagwira anthu ambiri m'matauni a m'mbali mwa M1: msewu waukulu uli ndi malo ake otetezedwa, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Puloti ya pamsewu ndi imene wogula amaikonda koposa, ndipo ndi imenenso Roads Authority ingadzaikepo chizindikiro chofiira. Ejenti amene sanayeze mtunda umenewu wagulitsa nyumba yodzagwetsedwa.

Wina anganene kuti zonsezi n'zabwino pa pepala, koma pa msika wopambana ndi wothamanga. Pamene ejenti wosamala akukwera minibasi kupita ku Mzuzu kukafufuza lizi, dobadoba wamaliza kale malonda ndipo akudya komishoni. Mfundoyi ili ndi choonadi chake ndipo sindikufuna kuichepetsa. M'chaka choyamba wosamalayo adzaluza malonda angapo, ndipo adzaona anzake akugula njinga zamoto iye akuyenda wapansi. Koma tiyang'ane mtundu wa msika umene akugwiramo ntchito. Jenda si Lilongwe, kumene munthu angapusitse wina ku Area 25 n'kukayambiranso ku Area 36 popanda womudziwa. Kuno wogulitsa, wogula, mfumu, wapolisi ndi ejenti amakumana pa maliro amodzi ndi m'tchalitchi chimodzi. Ogula a ku Joni nawonso si anthu omwazikana. Amakhala moyandikana potengera midzi yakwawo, ali ndi magulu awo a pa WhatsApp ndi a zamaliro, ndipo mbiri ya munthu amene wadya ndalama za mnzawo imafika kwa onse dzuwa lisanalowe. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Njira yomweyo imene imafalitsa mbiri yoipa imafalitsanso yabwino. Munthu mmodzi wa ku Cape Town amene wabwera n'kupeza puloti yake ilipodi, malire ali momwe anauzidwira ndipo palibe womuvutitsa, amabweretsa anzake popanda ejenti kulipira kobiri la kutsatsa. Dobadoba amayenera kusaka munthu watsopano pa malonda aliwonse, ndipo m'dera laling'ono anthu atsopano amatha.

Komabe funso la chakudya cha lero ndi lenileni, ndipo yankho lake ndi lakuti woyamba kumene asayambire pa kugulitsa malo. Ayambire pa lendi. Aphunzitsi, anamwino, apolisi, alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe amasamutsidwira ku Jenda, ku Embangweni ndi ku Mzimba boma chaka chilichonse, ndipo aliyense amafika akufuna nyumba sabata yomweyo. Ochita malonda a mbewu amafuna mosungira soya, chimanga ndi nyemba nyengo yokolola. Mbali inayi kuli eni nyumba amene ali kunja, amene anamanga n'kusiyira m'bale kuti azitolera lendi, ndipo nkhani zake zimadziwika: ndalama zimalowa m'mavuto a pakhomo, denga likudontha, ndipo mwini nyumba sangakalipe chifukwa wotolerayo ndi mlongo wake kapena malume ake. Ejenti amene angatenge nyumba zoterezi, n'kupeza wokhalamo, kulemba pangano, kutolera lendi pa tsiku lake, kuitana mmisiri pakaonongeka, ndi kutumiza kwa mwini nyumba lipoti la mwezi ndi mwezi lokhala ndi zithunzi ndi malisiti, wapeza ntchito yolipira pang'ono koma mosadukiza. Wapezanso sukulu. Pakutha pa zaka ziwiri adzakhala akudziwa mtengo weniweni wa nyumba m'dera lililonse, kumene madzi amavuta, kumene magetsi a ESCOM afika, ndi mabanja amene malo awo ali pa mkangano. Ndipo tsiku limene mwini nyumba adzafune kugula puloti yachiwiri, sadzafunsa wina.

Pa ndalama za eni ndi pamene maejenti ambiri amagwera, ndipo ambiri mwa iwo sanayambe ndi mtima wakuba. Lendi ya bwana yalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba ya ejenti, mwana wadwala, ejenti wabwerekako poganiza kuti abweza Lachisanu, ndipo Lachisanu likafika dzenje lakula. Njira yopewera ndi yosavuta kuinena: ndalama za makasitomala zikhale ndi akaunti yakeyake, yosiyana ndi ya pakhomo, ndipo pa malonda a malo ndi bwino kuti ndalama zichoke kwa wogula kupita kwa wogulitsa mwachindunji, pamaso pa mboni, ejenti n'kulandira komishoni yake payokha. Komishoniyo ikambidwe ndi kulembedwa ntchito isanayambe. Pali chizolowezi chimene chafala choti mwini malo akatchula mtengo, ejenti amaikapo yake pamwamba mobisa n'kuuza wogula mtengo wina. Ambiri amachiona ngati kuchenjera. Ine ndikuchiona ngati kunamiza anthu awiri nthawi imodzi, ndipo pa Jenda wogula ndi wogulitsa adzakhala anansi, tsiku lina adzafunsana. Chimodzimodzi ndalama yoonetsera nyumba: kulipiritsa thiransipoti yeniyeni n'komveka, koma kutengera anthu asanu ku nyumba imene ukudziwa kuti yatengedwa kale, kuti udye ya kuonetsa, ndi kuba.

Ena amati nkhani ya ziphaso ndi ya makampani a m'mizinda monga Knight Frank, ndipo mnyamata wa MSCE wa ku Jenda isamukhudze. Lamulo silinena choncho. Kuyambira 1989 dziko lino lakhala ndi lamulo loyang'anira oyeza mtengo wa malo, maejenti ndi ogulitsa pa okushoni, pansi pa Land Economy Board, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza Real Estate Management Act, lamulo lokhazikitsa khonsolo yolembetsa ndi kupereka ziphaso kwa ochita ntchitoyi. Lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limaikanso maejenti m'gulu la oyenera kudziwa bwino makasitomala awo ndi kukanena ku Financial Intelligence Authority akaona ndalama zokayikitsa. Kuti malamulowa sanatsatidwe kwenikweni kumidzi sizikutanthauza kuti zidzakhala choncho mpaka muyaya, ndipo tsiku limene adzayambe kuluma, amene anakonzeka ndi amene adzatsale pa msika. Maphunziro ake sali kutali monga anthu amaganizira: Mzuzu University imaphunzitsa kasamalidwe ka malo ndi nyumba, ndipo MUBAS ku Blantyre ili ndi digiri ya Land Economy. Amene sangafike ku yunivesite msanga angayambe pogwira ntchito pansi pa ejenti wolembetsedwa wa ku Mzuzu, Kasungu kapena Lilongwe, kukhala maso ndi miyendo yake kumwera kwa Mzimba, uku akuphunzira. Kulembetsa dzina la bizinesi, kutenga TPIN ku MRA ndi laisensi ya khonsolo ndi zinthu zimene angachite chaka chomwe chino. Ndivomereze kuti onena kuti ziphaso ndi za m'mizinda aja ali ndi mfundo imodzi yolimba: ngati khomo lolowera likhala digiri yokha, madera ngati Jenda adzatsala m'manja mwa madobadoba, chifukwa omaliza ku yunivesite ambiri amathamangira m'mizinda. Oyendetsa lamulo la 2024 lija ayenera kutsegula khomo laling'ono la maphunziro afupiafupi ndi mayeso, kuti wakumudzi wokhulupirika alowe mwalamulo.

Palinso amene amafunsa kuti ejenti ndi wa chiyani pamene mafumu alipo, ndipo kuyambira kale ndi iwo amene amagawa malo ndi kuchitira umboni. Ejenti wanzeru sapikisana ndi mfumu, ndipo amene angayese kudumpha a gulupu ku Mzimba sadzamaliza chaka. Koma ntchito zawo n'zosiyana. Mfumu imasunga malo m'malo mwa anthu ake ndipo imadziwa mbiri ya munda uliwonse. Si ntchito yake kupita ku Mzuzu kukafufuza lizi, kuyerekeza mitengo, kulemba pangano la lendi kapena kuyankha foni ya munthu wa ku Johannesburg usiku. Ndipo tinene zoona, kalata ya mfumu payokha yakhala ikupezeka m'manja mwa anthu awiri pa puloti imodzi m'madera ambiri a dziko lino, nthawi zina chifukwa cha chinyengo, nthawi zina chifukwa ufumu wasintha kapena midzi iwiri ikukanganirana malire. Ejenti amene amasunga kaundula wake, wokhala ndi tsiku, mayina a mboni, miyeso ndi zithunzi za malire, amateteza wogula, komanso amateteza dzina la mfumuyo.

Chitsutso chimene chimandilemera kwambiri ndi china. Pali anthu oganiza bwino amene amati ntchito ya ejenti kumudzi ndi yothandiza kusandutsa minda kukhala mapuloti, ndipo mapeto ake ndi mabanja amene adya ndalama m'miyezi itatu n'kutsala opanda polima. Izi zikuchitikadi m'mphepete mwa matauni amene akukula, ndipo ejenti wolipidwa pa komishoni ali ndi chifukwa chokankhira aliyense kuti agulitse. Sindikhulupirira kuti yankho ndi kuthetsa ntchitoyi, pakuti Jenda ikula ndithu, maejenti akhalepo kapena ayi, ndipo malo adzasinthana manja. Funso ndi lakuti pakati pa wogula wa ndalama ndi mayi wosadziwa mtengo wa munda wake paime munthu wotani. Ejenti wodziwa ntchito angauze banja kuti m'malo mogulitsa munda wonse lidule kachigawo ka kumsewu, kapena libwereketse malowo kwa zaka zingapo kwa wofuna kumanga mosungira mbewu, umwini n'kukhalabe wawo. Angawauze mtengo weniweni. Angakanenso. Kukana malonda amene akusiya ana amasiye pamtetete kumamutayitsa komishoni ya tsiku limenelo, ndipo ndi chinthu chimene mudzi wonse umachiona n'kuchisunga.

Kwa wachinyamata wa ku Jenda, Embangweni kapena Mzimba boma amene akulingalira za ntchitoyi, mawu anga ndi awa: gulani buku lolimba la kaundula ndi buku la malisiti musanasindikize chikwangwani, pezani malamulo a malo a 2016 ndi zosintha za 2022 muwawerenge, kadzionetseni kwa a gulupu ndi ku ofesi ya za malo ya khonsolo, ndipo yambani ndi nyumba imodzi ya lendi ya munthu amene ali kutali. Kwa a khonsolo ya M'mbelwa, pempho ndi lakuti aike poyera, pa msika wa Jenda ndi pa boma, mayina a maejenti ovomerezeka ndi pulani yoonetsa pamene pali pololedwa kumanga. Ndipo inu amene muli ku Joni, musatumize ndalama ya puloti kwa munthu amene sanakutumizireni dzina la mfumu, mayina a mboni za banja logulitsa ndi pangano lolembedwa.